Mlongo wa Papepala wa Kalolaine

Aliyense amene anathyolapo mphesa ku Robinvale, kuno ku Australia, amaidziwa minibasi yoyera ya Kalolaine Taufa. Imazungulira m'makomo dzuwa lisanalume, kuliza hutala kawiri basi, ndipo wochedwa kumanga nsapato amakamangira momwemo. Ikatula anthu kuminda imasanduka sitolo. Mipando yakumbuyo imagonekedwa, pamenepo nkulowa makatoni a chinangwa cha mufiliji, koko, nyama ya m'zitini ndi mkaka wa kokonati, zimene mayiyu amakapikula ku Melbourne. Ife amene tayamba geni posachedwapa timaonera kwa iye: galimoto imodzi, ntchito ziwiri, mafuta amodzi.

Anachoka ku Ha'apai, zilumba za ku Tonga, ali mtsikana. Anakwatiwa konkuno, kubereka ana awiri, kuika amuna ake m'manda, nkupitiriza kugwada pansi pa mipesa mpaka mawondo anati basi. Ndi pamene anagula minibasi yake yoyamba, chiphakasa chenicheni chimene chitseko chake chinkatsekedwa ndi chingwe. Chinayenda zaka zambiri osati chifukwa cholimba, koma chifukwa cha Kelepi, mlongo wake wamng'ono, woyendetsa thirakitala kumunda wa mitengo ya mtedza wa maamondi.

Kwathu ku Tonga ulongo ndi ubale wamanyazi. Mwamuna akakula sakhalanso mpando umodzi ndi mlongo wake, salowa kuchipinda kwake, ndipo nthabwala za kumunda amazisiya pageti. Komabe chimene mlongo wamkazi wapempha, wamwamuna sakana. Choncho Loweruka lililonse Kelepi ankafika ndi bokosi lake la masipanala, osagogoda, nkulunjika pagalimoto.

"Mabuleki akulira," Kalolaine ankatero ali pazenera la kukhitchini.

"Ndamva, achemwali."

Akalowa pansi pa galimoto m'pamene pakamwa pake pankamasuka. Ankauza injini kuti denga la asuweni kumudzi lasasuka ndi mphepo, kuti mwana wake wamkazi wakhoza mayeso, kuti abwana ake agula makina atsopano osawadziwa poyambira. Kalolaine ankamva zonse akusenda chinangwa, nkumayankha moyang'ana mpoto. Pomaliza ankaika pamasitepe mbale ya lu, masamba a koko ophikira nyama ndi mkaka wa kokonati, ndipo Kelepi ankadyera panja pomwepo, manja ali bii.

Kenako msana wa Kelepi unavuta. Anamuchita opaleshoni, anagona miyezi, nkubwerera kuntchito akunena kuti wachira. Loweruka lina Kalolaine anamuona pagalasi la m'mbali mwa minibasi akutuluka pansi pake. Anagwada nthawi yaitali atagwira tayala, kunamizira kuti akuyang'ana mapanga, koma nkhope inali itakwinyika, mano atalumana. Ataimirira anamwetulira ngati palibe kanthu. Tsiku limenelo Kalolaine anapsereza chinangwa.

Patapita mwezi anapita ku Melbourne kukagula minibasi ina, yoyendapo kale koma yooneka bwino. Anatengana ndi mlamu wake Lesieli, mkazi wa Kelepi, mayi wansangala amene pakamwa pake palibe chitseko. Atagwirizana mtengo, wogulitsa, mnyamata waulemu wa tayi yofiira, anatulutsa nkhani ina.

"Amayi, galimotoyi waranti ya ku fakitale inatha. Koma ilipo ina yogula payokha, ya zaka zitatu. Injini kapena giyabokosi ikafa, kampani ndiyo ilipire. Ndi madola 2,600."

"Zingati?" Lesieli anachita kudzuka pampando. "Alamu, pamenepo pali matayala anayi, batire, tikiti ya ku Tonga, chenji nkutsala. Makaniko muli naye waulere, malipiro ake ndi lu. Mukufunanso chiyani?"

Kalolaine sanafune kakyuleta. Zaka zitatu ndi masabata 156, ndiye kuti madola osakwana 17 pasabata, phindu la timatumba tingapo ta chinangwa. Anadziwanso kuti ambiri ogula zinthu zoterezi sabwezako nkomwe ndalama yawo, apo ayi kampaniyo ikanatseka kalekale. Koma m'maso mwake munali munthu wogwada atagwira tayala.

"Pali lamulo limodzi, amayi, ndikuuzireni lero lomwe," mnyamatayo anatero. "Sevisi izichitika pagalaja yovomerezeka, miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kapena ikakwana makilomita ake, ndipo malisiti muzisunga. Wina aliyense akangoigwira, pangano latha. Kwanuko yapafupi ili ku Mildura."

Lamulo limeneli linamukwiyitsa Lesieli, koma ndi lomwe linamukopa Kalolaine kuti agule. Tsopano anali ndi chifukwa chomuletsera Kelepi kulowa pansi pa galimoto, chifukwa chosatchula msana. Mwamuna sauzidwa kuti watha mphamvu, nanji kuuzidwa ndi mlongo wake. Nayenso Lesieli sakanauzidwa zoona zake, chifukwa zikanafika kwa mwiniwake dzuwa lisanalowe. Kalolaine anasaina.

"Mukawauze alongo anga kuti iyi asavutike nayo," anatero ali panjira yobwerera. "Mukanene bwinobwino, alamu."

Lesieli anakanena mmene anamvera. "Akuti usaikhudze. Apeza mlongo wina, wa papepala."

Loweruka lotsatira Kelepi anabwera chimanjamanja. Anaizungulira minibasiyo manja ali kumbuyo, kusuzumira matayala, kuwerama pang'ono kumvetsera injini yozima.

"Ndi yabwino, achemwali."

"Chakudya chili pamasitepe."

Anachinyamula nkupita nacho kwawo. Loweruka linalo sanabwere, ngakhalenso linzake. Kutchalitchi ankapereka moni mwaulemu wonse, nkukakhala mbali ya azibambo. Panalibe mkangano woti munthu nkuuloza. Kungoti munthu amene ankalankhula ali pansi pa galimoto analibenso polankhulira, ndipo nkhani za kubanja kwake Kalolaine anayamba kuzimva kwa anthu okwera minibasi. Lu wa Loweruka ankaphikabe wofanana, wotsala nkugawira oyandikana nawo.

Sitinganame, pepalalo linagwirapo ntchito. Chaka choyamba pampu ya madzi inafa, kampani inalipira. Kalolaine anaperekako gawo loyambirira limene pangano limati ndi la mwini galimoto, analipiranso yekha lole yokokera ku Mildura, ndipo minibasi inakhala kumeneko sabata yathunthu kudikira kuti a kampani avomereze. Komabe inabwerako ili bwinobwino, yotsukidwa ndi m'kati momwe.

"Mwaona, alamu? Alipira," anatero monyadira.

"Eee, ndi mlongo wabwino ndithu," Lesieli anayankha. "Nanga lu wanu anadya? Kapena mumutumizira papositi?"

Chakumapeto kwa chaka chachiwiri kunabwera uthenga woti azakhali awo amwalira ku Ha'apai. Maliro a azakhali sakhala otumiza moni. Kelepi anakanizidwa tchuthi, choncho anasonkha chimene akanatha, ndipo Kalolaine ananyamuka yekha ndi zovala zakuda ndi mkeka wake wa m'chiuno umene kwathu timavala pamaliro. Makiyi anasiyira Lesieli kuti azinyamula anthu opatulira mphesa.

"Sevisi yayandikira, mukaipititse ku Mildura," anatero chikwama chili m'manja. "Musaiwale, chonde."

Lesieli sanaiwale kwenikweni. Kupita ku Mildura kumadya tsiku, ndipo tsiku lililonse linali ndi anthu ofuna kupita kumunda. Ankangoti mawa. Minibasiyo inkagona pabwalo pa Kelepi, ndipo m'mawa uliwonse popita kuntchito iye ankaona kapepala ka sevisi komatidwa pagalasi, nkuonanso kuti makilomita apitirira kale. Anapirira masabata angapo. Loweruka lina anasolola kachitsulo koyezera oilo, nkupeza ali wakuda ngati khofi. Galimoto ya mlongo wake, itaima pakhomo pake, mwiniwake ali kumaliro a azakhali, iye nkungoyang'ana? Anakagula oilo ndi fyuluta ndi ndalama zake. Atatha za injini anaona kuti wa m'giyabokosi watsikanso, nkuthiramo wina. Anagona tsiku lonse la Sabata msana ukuwotcha, koma mtima uli m'malo.

Kalolaine atabwerako anafunsa asanatule nkomwe chikwama. "Sevisi ija munachititsa?"

"Inachitika," Lesieli anatero akuyang'ana makiyi.

Mu Januwale, mphesa zitangoyamba kuthyoledwa, nyengo imene Kalolaine amapezera ndalama ya chaka chonse, minibasi inalira ngati chigayo chopanda chimanga ili pakati pa msewu wa kuminda. Injini inkabangula, galimoto osasuntha. Anthu anatsika ndi zibakete zawo nkuyamba kuimitsa magalimoto ena. Kalolaine sanade nkhawa kwambiri. Si anali ndi waranti?

A kugalaja ku Mildura anati giyabokosi yatha, ndipo ina ndi madola oposa 7,000. A kampani anapempha malisiti onse a sevisi. Kalolaine anawapeza onse kupatula limodzi. Anapempha a kugalaja kuti amupatse lina, iwo nkuyankha mwaulemu kuti mwezi umenewo minibasiyo sinafikeko, komanso kuti m'giyabokosi apezamo oilo amene iwo sathira. Patapita masiku yankho linabwera pafoni, la mawu ofewa. Pangano linaswedwa, sangalipire.

Kalolaine anakamupeza Lesieli akuyanika zovala.

"Alamu, munati sevisi inachitika."

"Inachitikadi. Kodi ndinati inachitikira kuti?"

"Musandiseweretse mawu. Anachita ndani?"

Lesieli anaika mapegisi pansi. "Mukufunsa ngati simukudziwa. M'tauni muno ndani wina angagone pafumbi chifukwa cha galimoto yanu? Ine ndinachedwetsa, ndavomera, mundikalipire. Koma uyo musamuyambe. Chimvereni nkhaniyi sakudya."

Kalolaine anapsa mtima zenizeni, ndipo sanabise. Madola onse aja, maulendo onse aja a ku Mildura, zonse kuthera m'chigubu chimodzi cha oilo! Anabwerera kwawo osatsanzika. Kumsika munthu wina anamunong'oneza kuti akudziwa makaniko amene angadinde lisiti la mwezi umenewo ngati atapatsidwa kangachepe. Kalolaine anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ine ndimaimba kwaya, bambo. Mukufuna ndizikaimba ndikuyang'ana kukhomo kuopa apolisi?"

Mwana wake wa ku Sydney anati nkhaniyo itha kukadandaulidwa, popeza palibe amene watsimikiza kuti oilo uja ndi amene anapha giyabokosi. Analemba madandaulo nkutumiza. Koma zoterezi zimatenga miyezi, ndipo mphesa sizidikira munthu. Tsiku lililonse okwera ake ankazolowera minibasi za ena.

Sabata imeneyo Kelepi sanaoneke kutchalitchi. Potuluka, mayi wina wa kwaya anamukoka Kalolaine pambali.

"Kodi alongo anu akusamuka? Ndaona pikapu yawo ili pamsewu, aimata pepala loti ikugulitsidwa."

Pikapu imeneyo ndi imene Kelepi ankapitira kuntchito, ulendo wautali wopanda basi. Kalolaine anaima pakhomo la tchalitchi, mkwiyo wake nkungosungunuka, kutsala mantha. Anamudziwa mlongo wake. Akagulitsa, ndalamayo adzaitumiza kudzera kwa Lesieli mu envulopu, ndipo kuyambira pamenepo sadzayang'ananso nkhope ya mchemwali wake. Giyabokosi ikanagulika, ngakhale movutikira. Chinacho ndi chimene chikanapita osabwerera.

Lolemba madzulo anabwereka galimoto ya mnansi, nkuikamo mpando wake wapulasitiki wa kukhitchini. Anamupeza Kelepi akutsuka pikapu ija. Atamuona, Kelepi anatseka madzi nkuvula chipewa. Kalolaine anaima pageti, monga mwa mwambo, koma sanaitane Lesieli kuti akhale pakati.

"Chotsani pepala ilo."

"Achemwali, ndinalakwa ndine. Mundilole ndi..."

"Ndati chotsani. Kapena masiku ano mlongo akapempha amakanizidwa?"

Kelepi analimatula pang'onopang'ono, nkulipinda, maso ali pansi.

"Galimoto ikulira," Kalolaine anatero.

Mwamunayo anadzutsa mutu. Panali patapita zaka ziwiri osamva mawu oterewa.

"Ndinamva kuti giyabokosi zakale zimapezeka kwa ophwasula magalimoto," anapitiriza. "Ndalama yake ndiipeza ine. Inuyo mukasankhe, chifukwa ine sindingaidziwe yabwino. Mukaitane anzanu amene mumamwa nawo kava aja, mphamvu ali nazo zongotayira m'nyimbo. Koma pali lamulo."

"Inunso muli ndi malamulo ngati kampani?" Lesieli anafuula ali pazenera.

"Inu alamu khalani chete, mlandu wanu sunathe." Kalolaine anatsitsa mpando uja nkuuika m'kati mwa geti. "Lamulo ndi ili. Inu muzikhala apa. Muziloza ndi chala. Ndikakuonani pansi pa galimoto, ndiitana lole ibwere idzaikoke."

Kelepi anauyang'ana mpandowo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti manja angawa simukuwakhulupirirabe."

Apa panalibenso pepala loti abisaleko. Kalolaine anayang'ana kumbali, kumtengo wa mandimu.

"Manja anu sindinawakayikepo. Ndinakuonani pagalasi tsiku lija, mutagwada, mukulephera kudzuka. Amayi anatisiya awiri. Ndinati bola ndilipire alendo kusiyana nkuti ndikuthyoleni msana ndi chiphakasa changa."

"Mukanangonena, achemwali."

"Ndikananena bwanji? Inu mukanavomera?"

Kelepi anapukuta nkhope ndi chipewa. "Ayi," anatero, nkuseka pang'ono. "Ndikanakana."

"Zaka ziwiri!" Lesieli anatero akutuluka ndi manja m'chiuno. "Zaka ziwiri ine ndikunyamula mauthenga ngati wapositi, kumeneko nkhani yake ndi msana? Mukanandiuza ine!"

"Inu mukanasunga?" anafunsa onse awiri pamodzi.

Giyabokosi yakale itapezeka, minibasi ija anaikokera kunyumba kwa Kalolaine, ndipo Loweruka anabwera azibambo anayi a kalabu ya kava, chakumwa cha mizu cha kwathu, atanyamula majeke obwereka. Kelepi anakhala pampando wapulasitiki ngati woimbira mpira, kuloza, kukalipa, kutumiza sipanala uku ndi uku.

"Osati bawuti imeneyo, Manase! Kodi maso unasiya m'mbale ya kava?"

"Tabwera udzamasule wekha, bwana wa pampando!"

Kawiri konse anayamba kudzuka, ndipo kawiri konse kunamveka chifuwa pazenera la kukhitchini, iye nkukhalanso pansi. Ntchitoyo sinathe tsiku limodzi. Anaphonya penapake, anamasulanso, ndipo poti Sabata sagwira sipanala, inadikira Loweruka linalo. Minibasi inabwerera pamsewu nyengo ya mphesa ili pakati. Okwera ena anabwerera, ena anakhazikika kumene anapita. Mpaka lero ikamabwerera m'mbuyo imang'ung'udza, ndipo madandaulo aja yankho lake silinabwere.

Ife achinyamata tikamagula magalimoto a geni timakonda kumufunsa ngati waranti yotereyi ndi yogula. Satiuza kuti inde kapena ayi. Amatiwerengera mmene zinamuyendera, kuti anapereka 2,600, kampani inalipirapo pampu ya madola ngati 900, ndipo masevisi a ku Mildura anali okwera mtengo kuposa a pansi pa mtengo. Amanenanso kuti sevisi ija ikanachitikira koyenera, giyabokosi yokha ikanabweza zonse kawiri, ife bwenzi tikumutcha wochenjera. Akatero amafunsa mafunso ake: galaja yawo ili kutali bwanji, galimoto ikakhala sabata osayenda udya chiyani, ndiponso kunyumba kwanu alipo amene sangapirire kuona oilo wakuda?

"Ngati alipo, uyambe walankhula naye iyeyo usanasaine," amatero, nkutembenukira kasitomala.

Waranti ina sanagule. Zinthu zazikulu amapititsa kugalaja, zazing'ono zimadikira Loweruka. Mpando uja sunabwererenso kukhitchini, umakhala pakhonde. Kelepi amafika ndi mmodzi wa anzake, kukhala pansi, nkuyamba kuuza bonati yotsegula kuti mwana wake wapeza chibwenzi cha ku Fiji ndipo iye sakudziwa kuti aziti chiyani.

"Ndi wa mpingo?" limafunsa zenera.

"Akuti ndi wa mpingo. Tayala lakumbuyoli mpweya wachepa, achemwali."

"Ndamva," Kalolaine amatero, nkuika mbale ziwiri pamasitepe.